Chaka chimene Tiyamike anatupa

Mwana wanga Tiyamike pano amapita kusukulu ya mkombaphala, amathamanga mpaka kundisowetsa mtendere, ndipo sakumbukira chilichonse cha zimene ndikulemba apazi. Kwathu kuno ku Mlonyeni ena amachitchula chaka chija kuti cha ng'amba, ena amati cha mbozi. Ine ndimati chaka chimene Tiyamike anatupa bambo ake kulibe. Chaka chinonso ali kutsidya kwa malire, mwina n'chifukwa chake zandibwerera.

Ndinene pachiyambi pomwe kuti ndine munthu wamantha. Ndili ndi satifiketi ya zamalonda ya kukoleji ku Lilongwe, imagona m'sutikesi pansi pa zitenje, koma sinandichotsepo mantha ngakhale tsiku limodzi. Mwana akatsokomola kamodzi ine mtima uli kale m'mwamba. Ntchito nditaisowa ndinakwatiwa ndi a Lameki n'kukakhala kwawo, nyumba yathu moyang'anana ndi ya amayi awo, aNasoko, amene amuna awo anamwalira kalekale.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu, yafungo, ndipo tinadzala tonse atatu, ine, a Lameki ndi apongozi, Tiyamike atakhala pamzere akudya dothi. Anali atangokwanitsa zaka ziwiri, nditangomusiyitsa bere. M'nkhokwe munali mutatsala pansi pokha, chifukwa chaka chapitacho sitinakolole bwino, ndipo chimanga china tinagulitsa kuti tipeze feteleza.

Titamaliza kudzala, a Lameki anandiuza kuti apita ku Zambia, kumafamu a kuseri kwa Chipata, kumene amuna a m'mudzi mwathu amapita njala ikayamba kununkha. Anati kumeneko ganyu amalipira chimanga, ndipo pofika Khirisimasi adzakhala atabwera ndi matumba panjinga. Sindinakane. Ndikanakana ndili ndi chiyani m'manja? Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza mpaka kumsewu. Anamutsina mwana tsaya n'kunena kuti ndizimudyetsa, akamabwera adzamupeze masaya atadzaza. Anakwera njinga osacheuka, ndipo ine ndinaima pamenepo mpaka mwana anayamba kundikoka tsitsi.

Disembala

Mvula inadula chimanga chisanafike m'mawondo. Masamba anapota ngati anyezi, ndipo pamene panatsala pobiriwira panalowa mbozi. M'mawa uliwonse apongozi ankatuluka n'kuyang'ana kumwamba, n'kubwerera m'nyumba. Kumsika mtengo wa ndowa unkakwera sabata iliyonse, mpaka anthu anasiya kufunsa za ndowa n'kumagula ufa wa m'timajumbo, wongokwana mphika umodzi. Akuluakulufe tinasiya kadzutsa, kenako nkhomaliro. Tiyamike yekha ndiye ankadya katatu, koma linali phala la mgaiwa lamchere basi. Mtedza wina tinali titadzala, wina titagulitsa. Nkhuku zinapita imodzi imodzi.

A Lameki ankaimba Lamlungu masana pafoni ya kapitawo wawo. Loweruka ndinkakatchajitsa foni yanga kwa wometa tsitsi kuti isandithere, ndipo tikaweruka kutchalitchi ndinkakhala nayo m'manja ngati mwana wakhanda. Ankalankhula mothamanga poopa mayunitsi a eni ake. Anali atayamba kunena kuti manje m'malo mwa tsopano, ine n'kumawaseka kuti asanduka mzambiya milungu itatu yokha. Lamlungu lina anati mwini famu walonjeza kulipira akamaliza kupalira, ndiye Khirisimasi ndisawadikire. Ndinati palibe vuto. Nditadula foni ndinakalowa kubafa kuti apongozi asandione nkhope.

Sikelo yathu imachitikira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, kamodzi pamwezi. Amayendetsa ndi a Mwale, mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amene tonse timangowati adokotala. Mwezi umenewo Tiyamike sanakwere, sanatsike. Kachingwe kamitundu kamene amayezera pamkono kanaima pobiriwira, koma pafupi kwambiri ndi pachikasu. A Mwale anatiuza tonse kuti m'phala tiziikamo nsinjiro, masamba osinja, timafuta pang'ono, ndipo dzira likapezeka lizipita kwa mwana osati kwa bambo. Nangozo, mnzanga woyandikana naye nyumba, amene pakamwa pake sipatsekeka, anati, "Adokotala, dziralo tamva, koma mutibwereke ndi nkhuku yake yomwe." Tinaseka tonse, a Mwale omwe.

Januwale

Mvula inabwerera yonse nthawi imodzi, ngati ikubweza ngongole, koma chimanga chambiri chinali chitapita kale. Mango anatha. Ine ndi apongozi tinayamba ganyu wopalira fodya kwa mlimi wina wa kutsidya kwa dambo, malipiro ake mbale ya ufa kapena kabeseni ka madeya. Mwana ndinkamugoneka pamthunzi m'mphepete mwa munda.

Mphekesera zinachuluka kuposa chakudya. Ena ankati chimanga cha thandizo chafika kale pa Boma, chikungodikira magalimoto. Ena ankati amuna a kwathu awagwira ku Zambia chifukwa cha mapepala. Ena ankati amene achedwa kubwera ndiye kuti apeza pokhala kumeneko. Foni ya Lamlungu inasiya kulira. Amuna a Nangozo, amene ankagwira famu yoyandikana ndi ya a Lameki, anabwera kudzera njira za m'tchire ndi matumba awiri, n'kundiuza kuti kapitawo wa foni uja anachotsedwa ntchito, a Lameki ali bwino kungoti aonda, ndipo mwini famu akungosuntha tsiku. Amene wachoka msanga akupatsidwa theka, ndiye a Lameki asankha kudikira.

Pakati pa mwezi Tiyamike anatsegula m'mimba. Ndinathamanga naye kunyumba kwa a Mwale, kumene amaonera ana odwala, chitenje chili pambali. Anandikhazika pansi n'kuyamba kufunsa chimodzichimodzi: akumwa, akusanza chilichonse chimene wadya, wakomokapo, m'chimbudzi chake muli magazi. Anamutsina khungu la pamimba kuona ngati libwerera msanga, anamuvula malaya n'kuwerenga kapumidwe, anamuyang'ana m'manja ngati muli magazi okwanira, n'kumubaya chala kuyeza malungo. Malungo sanapezeke. Anandipatsa timapaketi tosungunula m'madzi ndi timapiritsi ta masiku angapo, n'kundiuza kuti ndisasiye kumudyetsa ngakhale akane.

Kutsegula m'mimba kunasiya, koma mwana sanabwerere mmene analili. Anasiya kuthamangitsa mbuzi za eni ake. Ankangokhala pamene wamuika, ukamuseka osaseka, ukamunyamula n'kumadandaula. Tsitsi linafiira n'kufewa ngati la chimanga.

Madzulo ndinkakhala naye pakhonde. Nyumba yathu inayang'ana kumadzulo, ndiye dzuwa limakalowera komweko kumene a Lameki anali. Ndinkawauza mumtima zonse za tsikulo, za madeya, za mbozi, za tsitsi la mwana, ngakhale zopanda pake ngati za chitseko chimene chinayamba kukwekwesa pansi. Munthu aliyense wa njinga akatulukira pamphambano ndinkaimirira, ndikudziwa bwinobwino kuti si iwo.

Febuluwale

Kumayambiriro kwa mwezi masaya a Tiyamike anayamba kudzaza. Apongozi ndiwo anayamba kuona, n'kunena kuti phala la agogo lagwira ntchito. Inenso ndinakondwa, ndinakumbuka mawu a bambo ake pamsewu paja. Tinsapato take tinayamba kumuthina, ndinati akukula. Kumtima kunali kanthu kena kakundiluma, chifukwa mwana wonenepa sakhala chete choncho, koma ndinali nditatopa ndi mantha anga omwe, ndinafuna kamodzi kokha kuti ndikhale wolakwitsa.

Tsiku la sikelo atamupachika, muvi unapita patsogolo. Mwezi umenewo ana ambiri anali atatsika, ndiye amayi anaomba m'manja, Nangozo n'kumakuwa kuti kwa aNasoko akubisa nkhokwe m'chipinda. A Mwale sanaseke nawo. Anamuyang'ana mwana kumaso nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndimukhazike pamiyendo panga ndimuvule nsapato. Anagwira mapazi onse awiri, n'kudina pamwamba pake ndi zala zazikulu, n'kudikira pang'ono. Atachotsa zala, maenje awiri anatsala pomwepo, ngati wadina nsima yozizira. Anadinanso m'miyendo, chimodzimodzi.

Anandiuza motsitsa mawu kuti kumeneko si kunenepa, ndi madzi, thupi likuperewera zakudya kwambiri, ndipo mwana wotere samudikiritsa. Ndipite naye kuchipatala chathu chaching'ono lero lomwe. Manja a amayi aja anali atasiya kuomba.

Nditafika kunyumba kuti nditenge zovala, apongozi anamuyang'ana mapazi, anadinanso okha, n'kukhala pansi. Anati, "Pakhomo panga pano mwana sanatupepo ndi njala. Uyu wasemphedwa." Akuluakulu kwathu amati mwana akatupa chonchi ndi tsempho, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake wagona kunja kwa banja n'kumudula mwanayo. Amati jakisoni sathandiza, mwinanso amapha, ndipo mankhwala ake amafuna bambo ndi mayi onse akhalepo. Apongozi sananene kuti ndani. Koma makolo a mwanayo tinalipo awiri okha, wina mwana wawo, wina ine. Anati amuna a Nangozo akubwerera ku Zambia mawa, atenge uthenga, ndipo tidikire Lameki abwere.

Apa ndinene zoona zake. Mwana wanga ali chitupire kumsana, ine ndikunenezedwa chinthu chonyansa chotero, mtima wanga unadumpha. Ndinaganiza kuti ngati ndi tsempho, ndiye kuti a Lameki abwera. Njala sinawabweretse, Khirisimasi sinawabweretse, koma izi sangazikane. Za tsempho sindinkazikhulupirira, kapena ndinene kuti ndinkazikhulupirira theka ngati wina aliyense wokulira kumudzi, koma uthengawo ndinauvomera ndi manja awiri. Chimene ndinakana n'kudikira. Tinalimbana pakhonde paja, ine ndikulira, iwo atagwira chitenje chimene ndinaberekera mwana.

A Mwale anatipeza choncho. Anali atapatuka panjinga kudzaona ngati tanyamuka. Anapereka moni mwaulemu, anamvetsera zonse mpaka apongozi anamaliza, osawadula. Kenako anati, "Amayi, za makolozo ine sindilowererapo, bambo akewo aitaneni ndithu. Koma kuchokera ku Chipata n'kutali. Tiyeni akabwera adzamupeze wamoyo."

Apongozi analowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka ndi kaufa kamene kanatsala, atakamanga m'kansalu, ndi kapoto kawo kakang'ono. Anandipatsa osandiyang'ana.

Kuchipatala chaching'ono anesi anamuyezanso zonse, kenako anang'amba kapaketi ka chiponde, mtedza wosinja uja amapatsa ana onyentchera, n'kundiuza kuti ndikhale naye pakona ndimunyengerere. Anati akadya, tibwerera kunyumba n'kumadzalandira sabata iliyonse, akakana ndiye kuti thupi lafooka kwambiri. Ndinamuimbira, ndinamunamiza kuti ndi switi, ndinanyambita ndekha kuti aone. Anangotembenuza nkhope. Madzulo a tsiku lomwelo tinali pa Boma, m'chipinda cha ana operewera zakudya.

Kumeneko zonse zinali zotembenuka. Ine ndinkayembekeza kuti amudyetsa kwambiri, koma ankamupatsa mkaka wamadzimadzi m'kakapu, pang'onopang'ono, pafupipafupi, pamodzi ndi mankhwala. Nditadandaula kuti n'zochepa, anesi ena achikulire anandiuza kuti mimba yagona, imafuna kuidzutsa mwaulemu, ukaithira chakudya chambiri nthawi imodzi mtima wa mwana umalephera. Anatiuzanso kuti tiziwafunditsa ana ngakhale kukutentha, chifukwa amazizidwa msanga. M'mawa uliwonse ankamuyeza, ndipo sikelo ikatsika anesi ankakondwa. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mayi, lero watsikanso bwino," ine n'kuyamba kulira, iwo n'kumaseka kuti ndine mayi woyamba kulirira madzi.

Madzi atachoka ndi pamene ndinamuona mwana wanga. Masaya aja anapita, kunatsala maso. Timikono ngati timitengo ta nandolo, khungu la m'matako litakwinyika ngati kabudula wamkulu. Ameneyu ndiye ndinkamubereka milungu yonse ija osamudziwa. Ndinkalakalaka bambo ake akanakhalapo, osati kuti achite kanthu, koma kuti tikhale awiri omuona. Bedi loyandikana nafe linali la mayi wina wa ku Kachebere, tinkabwerekana poto. M'mawa wina tinapeza atayalulapo, ndipo palibe anafunsa.

Tsiku limene Tiyamike anamenya dzanja la anesi n'kulanda kapu kuti amwe yekha, anesi anati mwana akayamba ndewu ndiye kuti akubwerera. Patapita masiku anadya chiponde mpaka kunyambita pepala.

Malichi

Tinabwerera kumudzi ndi mapaketi a chiponde, n'kumapita kuchipatala chaching'ono sabata iliyonse kukayezetsa ndi kukalandira ena. A Lameki anali asanabwere. Yankho lawo linali litafika kale kudzera kwa amuna a Nangozo, ndipo Nangozo yemwe, wopanda manyazi uja, anachita kuyang'ana pansi pondiuza. Akuti iwo amagona m'chigafa cha fodya ndi amuna anzawo, sanachite chilichonse, ndipo ngati ndi tsempho akafunse amene ali kumudzi. Akutinso sangabwere chimanjamanja kudzakhala pabwalo ngati wakuba. Za kuchipatala anamva, anafunsa kawiri ngati mwana ali moyo.

Uthenga umene ndinkati uwakoka ndi umene unawakankhira kutali. Tsopano anali ndi chifukwa chokhalira kumeneko, ndipo chifukwacho chinali ine.

Apongozi anangoyamba kuthira okha mchere m'ndiwo. Ndikaphika, ankabwera ndi kachitini kawo, n'kuthira, n'kubwerera. Mkazi aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo lake, mkazi wokayikiridwa sathira mchere chakudya cha mwana. Ndinkangosuntha kuwapatsa malo. Koma pa chiponde tinali mbali imodzi. Ana a m'mudzi akamva fungo ankazungulira khonde, ana anjala nawonso, ndipo ine mtima unkandipweteka. Apongozi ndiwo ankawathamangitsa ndi tsache, kuti awa ndi mankhwala, amene akufuna akatupe kaye. Kenako ankawawotchera chimanga chachiwisi kuseri kwa nyumba.

Maungu anayamba, nkhwani, zitheba. Anthu anayamba kulankhula mokweza m'njira. Tiyamike anayamba kuimirira atagwira chitseko, ngati akuphunzira kuyenda kachiwiri.

Epulo

Kachingwe kanachoka pofiira n'kulowa pachikasu. Mtedza unakhwima, ndipo tisanaganize zogulitsa apongozi anapatula dengu lathunthu n'kunena kuti ili ndi la mwana, aliyense wolikhudza aona. Tsiku lina ndikuphika nkhwani anaika kachitini ka mchere pafupi ndi phazi langa n'kupita kumunda. Sitinakambepo, mpaka lero.

Ine ndinali ndisakuimiriranso njinga ikatulukira pamphambano. Ndinkangokweza maso.

Meyi

A Lameki anabwera tikukolola tochepa timene tinapulumuka. Ndinali kumunda, ndinangomva Nangozo akundiitana ndi dzina langa lenileni, limene saligwiritsa ntchito. Ndinawapeza atakhala pakhonde, matumba atatu atatsamira khoma, njinga ilibe tcheni. Anali ataonda mpaka kolala ya malaya inkalendewera. Ndinagwada n'kuwapatsa moni ngati mlendo, iwonso anandiyankha ngati mlendo. Tiyamike anabisala kumbuyo kwa agogo ake, ndipo bambo ake atamutambasulira manja analira. Apongozi anatchula za mankhwala a makolo aja kamodzi kokha, a Lameki anati mwana ali bwino, nkhani inathera pomwepo. Masiku angapo tinkalankhula za matumba, za tcheni, za chitseko.

Tsiku la sikelo ndikumanga chitenje, a Lameki anati apita nawo. Amuna kwathu sapita kusikelo. Anakhala okha pamuzu wa mango, chipewa chili m'manja, amayi akuwaseka poyera. Nangozo anati, "Adokotala, mukamaliza anawa muwapachikenso awa, aonda kuposa mwana." A Lameki anamwetulira pang'ono. Tiyamike atamuyeza, kachingwe kanaima pobiriwira, mapazi osatsala dzenje, ndipo a Mwale anati akapitiriza chonchi kuchipatala amutulutsa m'gulu la chiponde.

Anthu akubalalika, a Lameki anapita pamene a Mwale ankamasula sikelo pamtengo. Ndinali pafupi, ndinamva.

"Adokotala, ndiuzeni zoona. Chinali chiyani?"

"Chakudya chinachepa m'thupi, achimwene. Basi."

Pobwerera mwana analola kuti bambo ake amunyamule, koyamba chibwerere. Ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Titafika m'mphepete mwa munda wathu, pamene mapesi anali atagona, anaima osatembenuka.

"Mayi a Tiya, zija za tsempho ndinakana, ndipo ndinali ndi pokanira. Nanga izi ndikana bwanji?"

Miyezi yonse ija ndinali nditasunga mawu ambiri oti ndidzawauze, ena okoma, ena olasa. Onse anathawa. Ndinangowauza kuti amutsitse mwanayo, atopa naye, pano amatha kuyenda yekha. Anapukusa mutu, n'kumunyamula mpaka kunyumba.